A Makwinja ndi Mitengo ya Kumanda

A Makwinja tawaika Loweruka lapitali, padzuwa. Ndikutchula dzuwa chifukwa kale ku manda amenewo dzuwa silinkafika pansi. Ukalowamo masana unkayamba waphethira kuti maso azolowere, ndipo amayi oyimba ankafunda zitenje ngakhale mu Okutobala. Loweruka anthu anabwera ndi maambulera. Amene analibe anakaima m'mphepete mwa mpanda wa njerwa wa nyumba yoyandikana ndi manda, mondondozana, ngati akudikira minibasi.

Mdzukulu wawo anawerenga mbiri. Anati makolo a malemu anachokera ku Mozambiki wapansi, khasu lili paphewa. Anati malemu anagwira ntchito yoyeza malo ndi kujambula mapu ku njanji ku Limbe mpaka kupuma, anali mkulu wa mpingo, ndipo analera ana a alongo awo ngati awoawo. Munalibe bodza m'menemo. Ine ndinaima kumbuyo, kumene amaima anthu ongodzapepesa. Mkazi wanga Tiyamike anali mwana wa mlongo wawo, ndipo mayi ake atamwalira anamulera ndi iwo. Tiya wagona m'manda omwewo chaka chachitatu tsopano. Ndinali mkamwini pamudzi umenewo, kuseri kwa Nancholi, koma anandisudzula, kotero pamaliro ndinalibe mawu. Zimene ndikanawonjezera pa mbiri ija ndazilemba pano.

Anali munthu wamfupi, wosathamanga, wa nsapato zopukuta. Pensulo sinkachoka kukhutu kwawo ngakhale m'tchalitchi, ndipo ankainola ndi lezala pakhonde m'mawa uliwonse, kaya pali cholemba kaya palibe. Chimanga ankadzala ndi chingwe. Chinthu chokhota chinkawapweteka m'thupi mwenimweni. Anakangana ndi komiti yomanga tchalitchi dzinja lonse chifukwa khoma lakumadzulo linapendekeka, kupendekeka kumene wina aliyense sankakuona. Anthu atatopa nawo, iwo anabwera ndi chingwe ndi mwala, anamangirira pamwamba pa khoma, n'kuuza abusa kuti ayang'ane okha. Khomalo linagwetsedwa. Makondakitala a minibasi za ku Limbe ankawatcha abwana a makilomita, chifukwa ankatha kuimitsa ulendo wonse pofotokoza kuti siteji ina anaiika pamalo olakwika.

Tsiku limene ndinakaonekera kwawo koyamba sanandifunse za mtundu wanga kapena za mpingo.

"Ndamva kuti mumaphunzitsa masamu."

"Eya, malume."

"Mango awo ndi aatali bwanji?"

Ndinatola ndodo, ndinayeza chithunzithunzi chake, kenako cha mtengowo, n'kuwauza. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Tiya! Uyu ukhoza kumutenga. Salota ameneyu."

Kwa iwo kulota linali tchimo lalikulu. Ankakonda kunena kuti malo osayeza mwini wake ndi amene ali ndi pakamwa papakulu. Ankanenanso kuti makolo awo anapatsidwa malo ndi pakamwa pokha, ndipo pakamwa pamafa pamodzi ndi mwini wake koma pepala limatsala. Ndinkamva zimenezi ngati nkhani za munthu wokonda ntchito yake. Sindinkadziwa kuti ndi chikhulupiriro.

Tiya anaphunzira za nkhalango, ndipo ntchito yake inali yofufuza zamoyo zimene zatsala m'nkhalango zing'onozing'ono za mu Blantyre muno. Mapiri athu anametedwa kale. Mitengo yachilengedwe imene yatsala yambiri ili kumanda, chifukwa kumanda anthu saduladula. Tiya ankati kuwerenga mitengo kokha sikukwanira. Munda wa bulugama uli ndi mitengo yambiri koma uli zii. Zamoyo zimafuna nyumba yosanja: nkhulukulu pamwamba penipeni, songwe pakati, timba m'ziyangoyango zapansi, changa m'zilambe zolendewera. Chimene iye ankayeza ndi kusanjikana kumeneko.

Ankayeza ndi makina otchedwa laida, omangirira pansi pa dironi, kandege kopanda munthu. Ikamauluka, makinawo amawaza timadontho ta kuwala tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, ngati mvula yowaza. Kadontho kakagunda chinthu kamabwerera, ndipo makina amadziwa kutalika kwa pamene kagundapo. Kena kamagunda tsamba lapamwamba, kena nthambi yapakati, kena chitsamba, kena kamapeza mpata n'kufika pansi. Ukaika zonse m'kompyuta, nkhalango yonse imaimirira pamaso pako, yomangidwa ndi timadontho. Kenako Tiya ankapita m'mamawa kukamvetsera mbalame m'mphepete mwa nkhalangoyo, n'kuyerekeza zimene wamva ndi zimene makina aona. Cholinga chake chinali chakuti manda amenewa alembedwe ngati malo oyenera kutetezedwa.

Za mbalamezo a Makwinja ankamuseka nazo. "Adokotala, timba akakulipirani liti?" Tiya anali asanakhale dokotala wa chilichonse, koma iwo anamupatsa dzinalo tsiku limene anapita ku koleji. Koma makinawo anawakonda atangomva kufotokoza kwake. Anati moyo wawo wonse akhala akukoka tcheni poyeza malo m'tchire, kulumidwa ndi linthumbu, kuti apeze chimene kandege aka kamapeza tiyi asanazizire.

Kuulutsa dironi pamwamba pa manda sinali nkhani yapafupi. Kumanda salowako popanda maliro, ndipo adzukulu, anyamata okumba manda, anakana. Anati makinawo adzasokoneza ogona. Amene anamenya nkhondo imeneyo ndi a Makwinja. Anayenda nyumba ndi nyumba mwezi wathunthu.

"Ndege za ku Chileka zimadutsa pamwamba pa agogo anu tsiku ndi tsiku," anauza mkulu wa adzukulu. "Munamvapo kuti wina wadzuka kukadandaula?"

Tsiku louluka anavala tayi. Anaima pamalire a manda, anavula chipewa, n'kulankhula moyang'ana kumitengo, monga munthu amalankhulira pakhomo pa nyumba ya eni.

"Eni mudzi, ndi mdzukulu wanu uyu. Akungoyeza mitengo. Inu sakukhudzani."

Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo.

Patapita sabata tinapita kukawaonetsa zotsatira. Tinakhala pakhonde pawo, laputopu ili patebulo lawo lojambulira mapu. Tiya anazunguliza nkhalangoyo ndi chala, ndipo iwo anafuula ngati ali kumpira.

"Mbawa iyo! Ndaizindikira, ili ndi phewa limodzi lotsika. Kachere uyo. Tazungulizanso." Kenako anavala magalasi. "Nanga mitengoyi ungaichotse?"

"Ndiichotserenji, malume? Ntchito yanga ndi mitengoyo."

"Ndangofuna kuona pansi. Ife oyeza malo timafuna pansi."

Tiya anadina. Mitengo yonse inazimirira, panatsala nthaka yokha. Kumtunda mitumbira inaoneka bwinobwino, yondondozana ngati mizere ya mbatata, ngakhale yakalekale imene zitsamba zinaikwirira. Kumunsi, kutsikira kumtsinje, kunali kosalala ngati mphasa. A Makwinja anasendeza nkhope pafupi ndi laputopu, maso ali kumunsiko.

"Makinawa amaona chotukuka chokha, malume," anatero Tiya. "Chimene sanaunjikire dothi, kapena chinafafanizika, sachiona."

"Ndamva, adokotala."

Ndinalipo. Anamva.

Mwana wathu anabadwa atafa kale. Tiya anamutsatira sabata isanathe. Za kuchipatala sindilemba.

Mwana wotere amatchedwa mtayo, ndipo kwawo kwa Tiya salira, sapanga bokosi, amuna sapita. Amayi akuluakulu amamukulunga m'chitenje n'kukamuika okha. Dzenje limakhala losazama, kuti mayi wake asatsekeke kubereka, ndipo saunjika mtumbira. Amasalaza n'kuwazapo masamba. Wathu anamunyamula ndi a Felesiya, mlongo wamng'ono wa a Makwinja, amene Tiya ankawatcha amayi. M'mawa umenewo, Tiya akadali moyo kuchipatala, ine ndi a Makwinja tinakhala pakhonde n'kumaona amayi akutsika ndi kanjira ka kumtsinje, osati njira yakumtunda imene amadzera maliro.

"Kumunsi kuja ndi kwa amayi," anandiuza. "Ife sitipondako. Abale anga awiri ali komweko, amene anabadwa ine ndisanabadwe. Musadandaule, aphunzitsi. Sali yekha."

Mawu amenewo anandigwira mtima masiku amene ndinalibe chogwira. Ndimawakumbukira monga anawanenera, ndi dzanja lawo lili pabondo langa.

Pa maliro a Tiya malo anasankha ndi iwo, patsinde pa mbawa ya phewa lotsika ija. Anayeza manda okha ndi chingwe, ndipo adzukulu atapeza muzu waukulu anawaletsa kuudula. Anati akumbe mozungulira. Maliro atatha ankabwera kunyumba kwanga ku Chimwankhunda Loweruka lililonse, pa minibasi ziwiri, atanyamula nthochi m'jumbo. Sankalankhula za Tiya. Ankakhala, kumwa tiyi, kuyang'ana m'nyumba mpaka atapeza chokhota. Anakonza chitseko cha kuchipinda, anawongola shelefu ya mabuku, anandikalipira chifukwa cha ngalande ya kuseri. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Sindinenanso zambiri pamenepo.

Kenako kunabwera mvula ija inagumula phiri la Soche. Ana atatu a alongo awo ankakhala ku Chilobwe ndi mabanja awo. Anapulumuka onse, koma nyumba zinapita ndi matope. Anabwera kwa malume awo, chifukwa mwini mbumba ndiye kothawira. Anthu ankagona pabalaza, kukhitchini, pakhonde. Tebulo lojambulira mapu analitulutsa panja n'kulifunditsa pulasitiki. Mmodzi wa ana atatu aja anali Joyce, mwana wa a Felesiya, ali ndi ana anayi. A Makwinja anawonda. Ndinawapeza tsiku lina akuyeza ndi mapazi kampata ka pakati pa chimbudzi ndi malire a oyandikana nawo, kuona ngati pangakwane chipinda. Ndikulemba izi kuti wina asanene kuti ndabisa mbali yawo. Vuto lawo linali lenileni.

Loweruka lina anabwera ndi nthochi monga mwa masiku onse.

"Mapu a Tiya aja mukadali nawo? A pansi pokha aja, opanda mitengo."

"Ali m'kompyuta mwake."

"Mundisindikizire aakulu. Ndikufuna ndipachike pabalaza, ndiziona ntchito ya mwana wanga."

Ndinakasindikiza mtawuni papepala lalikulu. Atalandira anatulutsa rula m'thumba la jekete, anayeza kamzere kosonyeza mtunda kamene kali pakona, n'kugwedeza mutu mokhutira. Tsiku lomwelo anandiuza kuti nthawi yakwana yoti andisudzule. Anati ndikadali mwana, ndisakalambire pamaliro. Kusudzula ndiko kumasula munthu woferedwa, kuti akhoza kupita, kukwatiranso, osamangidwa ndi mudzi wa malemu. Mwambowo unali waufupi. Ankhoswe anakhala pansi pa mango aja, mawu ananenedwa, kandalama kachitsulo kanaikidwa m'mbale. A Makwinja anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti pakhomo pawo ndi panga mpaka kalekale. Ndinalira. Ndinaona ngati andichitira chifundo.

Mwezi unatha. A Felesiya anandiimbira foni.

"Bambo, mubwere Lamulungu tikaweruka kutchalitchi."

"Kwagwanji, amayi?"

"Ingobwerani."

Ndinapeza mbumba yonse pansi pa mango, amayi pamphasa, abambo pamabenchi. Amfumu analipo, mnyamata wa msinkhu wanga amene amagulitsa m'shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe, ndipo nawonso a Makwinja ndi malume awo. Panalinso abambo awiri achilendo, pamipando ya pabalaza, makiyi a galimoto ali m'manja. Mapu a Tiya anawakhoma pachitseko chakale n'kuchitsamiritsa ku mtengo. Mbali yakumunsi, yosalala ija, inali itadulidwa ndi pensulo m'mapuloti. Mizere yake inali yowongoka kwambiri.

A Makwinja anaimirira ndi kandodo kolozera.

"Manda ndi mitumbira," anatero. "Apa pali mitumbira, mukuiona nokha. Apa palibe. Ili ndi tchire chabe limene takhala tikuliopa popanda chifukwa, ana athu akugona pakhonde. Si ine ndikunena. Ndi makina a mwana wathu yemwe, amene anaona pansi pa tsamba lililonse. Makina salota."

Amayi anayang'anizana. A Felesiya anakonza mpango wawo.

"Achimwene, mukudziwa chimene chili kumunsi kuja."

"Ndisonyezeni pamapupa, achemwali."

"Ana aja sitiwaunjikira dothi. Mukudziwa."

"Ndiye bwerani muloze ndi chala. Pati? Alipo angati? A yani?"

Palibe mayi anayankha. Nkhani ya mitayo sakamba pamaso pa amuna, ndiye kuli bwanji pamaso pa alendo a makiyi a galimoto. Kuti mayi aloze, anayenera kunena pagulu kuti ine ndinataya, mwana wanga uyu anataya, mpongozi wanga anataya kawiri. A Makwinja ankadziwa kuti sanganene. Mwambo umene unasunga ana aja zaka zonsezi ndi womwewo unawatseka amayi pakamwa, ndipo iwo anauyeza bwino asanaitane msonkhano.

"Nanga Joyce wanu agone kuti dzinja likubwerali?" anafunsa mofatsa. "Pakhonde panga?"

Joyce anaweramitsa mutu. A Felesiya anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana ine.

Ndinaimirira. Mawu anga anatuluka bwinobwino, ndipo ndinadabwa nawo.

"Malume, Tiya anakuuzani pamaso panga kuti makinawa amaona chotukuka chokha. Ndipo inu munandiuza nokha amene ali kumunsi kuja."

Anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana nsonga, n'kuibwezera.

"Aphunzitsi, takulandirani. Mwayenda bwanji? Koma paja tinakusudzulani. Nkhani iyi ndi ya mbumba." Anatembenuka. "Wina awapatse madzi alendowa."

Sanakweze mawu. Mtsikana wina anabwera ndi kapu ya madzi, anagwada, ndipo ndinalandira, chifukwa sindinadziwe chochita ndi manja anga. Pamenepo ndinawerengera m'mbuyo: nthochi, mapu, rula, kandalama m'mbale. Zonse zinali pamzere umodzi, wowongoka.

Anzake a Tiya a kuntchito analemba makalata kumaofesi. Mayankho asanabwere macheka a injini anali atayamba. Misuku ndi mitangatanga ya kumunsi inatha mvula isanagwe. Yaikulu inasanduka matabwa, yotsala makala. Joyce ndi abale ake analandira malo awo, zimenezo n'zoona, ndipo lero ana awo amagona m'nyumba. Koma mapuloti aakulu, a kufupi ndi msewu, anapita kwa abambo a makiyi aja ndi anzawo. Chimene a Makwinja anapezapo sindichidziwa. Sanamange, sanagule galimoto, amwalira ndi jekete yomweyo. Ena amati zonse zinathera pa malata ndi simenti za ana aja. Mwina n'zoona. Sizichotsa kanthu pa zimene ananena pansi pa mango.

A Makwinja analonjeza pamsonkhano kuti mitengo yakumtunda, ya pamitumbira, siidzakhudzidwa. Koma nyumba zitamangidwa eni ake anayamba kudandaula. Masamba akudzaza m'ngalande za madenga, akadzidzi akulira pafupi ndi mawindo, nthambi zidzagwera ana. Mitengo imene inkatetezana ku mphepo inatsala pambalambanda, ndipo mkuyu wina unagwadi. Kudula kunayambira pa kachere. Mbawa ya Tiya inali yomaliza. Ndinamva kuti a Makwinja anapita okha ndi chingwe ndi mwala, anayeza, napeza kuti yapendekekera ku nyumba ya munthu. Inali yopendekeka chibadwire. Paja tsiku lija pa laputopu anaizindikira ndi phewa lomwelo.

Sindinapondenso pakhomo pawo kwa nthawi yaitali. Tinakumana kamodzi ku Limbe, pafupi ndi msika. Anavula chipewa, anandifunsa ngati ndikudya bwino, ndipo anati kolala ya shati yanga yapindika. Ndinayankha moni n'kupitirira.

Mwezi watha Joyce anabwera kusukulu kudzandiuza kuti malume akudwala ndipo akundifuna. Ndinapita. Anali atagona pabalaza, pamatiresi, chifukwa ankati kuchipinda kulibe mpweya. Anachepa kwambiri. Pensulo inali pampando pambali pawo. Mapu aja sanali pakhoma. Anauza Joyce kuti atuluke.

"Aphunzitsi."

"Malume."

"Makina a Tiya aja. Angaone pansi pa simenti?"

"Ayi, malume. Amaona pokhapo pamene kuwala kwafika."

"Ndinaganiza choncho."

Anatseka maso. Ndinadikira. Ndinkafuna mawu amodzi okha, ndipo ndikuganiza kuti ankadziwa mawuwo. Atatsegula maso anayang'ana kukhoma.

"Kalendala iyo yapendekeka. Taiwongolani."

Ndinaiwongola. Anati zikomo. Ndinakhala pang'ono, kenako ndinatsanzika. Sanapepese, ndipo ine sindinanene kuti ndakhululuka. Anthu akhala akundiuza kuti funso la simenti lija kunali kupepesa kwa munthu wamkulu. Mwina. Ine ndinaphunzitsidwa ndi iwo omwe kuti tisamalote.

Loweruka anthu atabalalika ndinatsalira. Manda awo ali pafupi ndi a Tiya, ndipo pakati pawo pali chitsa cha mbawa, chachikulu ngati tebulo. Amayi a kwaya anaikapo zikwama zawo nthawi ya mwambo. Nkhata za pamanda a malume zinali zitayamba kale kufota. Adzukulu anakumba mokhota pang'ono, mutu kupatukira kumadzulo. Panalibe wowauza. Ndinamvetsera monga Tiya ankamvetsera, mutu utapendekeka. Kunali khwangwala mmodzi pa thanki ya madzi, ndi wailesi m'nyumba ina.

A Felesiya anabwera n'kundigwira pamkono.

"Tiyeni, bambo. Amene akanatiletsa wagona."

Tinatsika. Kanjira ka kumtsinje kaja tsopano ndi kampata pakati pa mipanda iwiri ya njerwa, kodzaza majumbo. Aka kanali koyamba kuti ine, mwamuna, ndiponde kumunsi. A Felesiya ankayenda n'kumaima, kuyang'ana kumanja, kuyang'ana kumanzere. Anati panali msuku wa mathunthu awiri, ndipo mwana wathu anamuika kumbali ya kotulukira dzuwa, pamene mizu inapanga ngati chikhatho. Anafunafuna msukuwo ndi maso ngati ungatulukire. Tinafika pa geti lachitsulo lotsegula pang'ono. Anasuzumira, anabwerera m'mbuyo, anayang'ana phiri kuti apeze mbali, anasuzumiranso.

"Apa," anatero. Kenako chala chinasuntha. "Kapena apo. Pepani, bambo. Mitengo ndiyo inkatiuza."

Ndinayang'ana. Ndi bwalo la nyumba ya munthu, lothira simenti kuchokera pageti mpaka pakhonde. Pali chingwe choyanikapo zovala, ndi banga lakuda la oyilo pamene pamagona galimoto. Wina anali atasesa m'mawa umenewo, mizere ya tsache ikuoneka. Palibe tsamba, palibe mthunzi, palibe chotukuka. Ndi posalala, monga mapu ananenera.